Timadontho pa zithunzi za padzuwa: kodi sensa yapsa?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chilenje:

"Ndimajambula zithunzi pa maukwati, ma kitchen party ndi ma chilanga mulilo kuno ku Lusaka. Kamera yanga ndi ya DSLR, ndinaigula yogwirapo kale ntchito, ndipo ndili ndi malenzi awiri. Kumapeto kwa Ogasiti ndinapita nayo ku Kulamba ku Katete. Chibwerereni, zithunzi zimene ndikujambula panja dzuwa likuswa mtengo zikutuluka ndi timadontho totuwa, makamaka pathambo ndi pa diresi loyera la mkwatibwi. Pa zina pakubweranso kampira kobiriwira pachifuwa pa munthu. Koma za m'tchalitchi ndi za mu holo usiku zilibe vuto. Lenzi ndapukuta mpaka kutopa. Mnzanga akuti dzuwa laotcha sensa, ndingogula kamera ina. Ndi zoona?"

Yankho:

Amayi, ndalama zanuzo musafulumire kukazitula kwa ogulitsa makamera. Sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi, ikapsa yapsa basi, chipsera chake chimaoneka pa chithunzi chilichonse, cha masana ndi cha usiku chomwe. Sichingabisale mukalowa m'tchalitchi n'kudzatulukira mukafika ndi akwati ku Goma Lakes. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza mavuto awiri osiyana amene angokumana pa chithunzi chimodzi. Timadontho totuwato ndi fumbi limene lakhala pa sensa, ndipo ndikukhulupirira kuti lambiri munabwera nalo kuchokera ku Mkaika, kumene kumachitikira Kulamba. Kampira kobiriwirako ndi kuwala kumene kukunjanja pakati pa magalasi. Dzuwa silinawononge kanthu, langoulula zimene zinalimo kale.

Chimene chakusokonezani n'chakuti vutoli likuoneka padzuwa pokha, ndiye tiyambire pamenepo. M'kati mwa lenzi muli kabowo kolowera kuwala, kamene ojambula amakatcha aperture. Kamakula ndi kuchepa, ndipo kukula kwakeko ndi manambala aja mumaona pa sikirini: f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16, f/22. Nambala ikamakwera, kabowo kakuchepa. M'tchalitchi kuwala n'kochepa, choncho kamera imatsegula kabowoko mpaka f/3.5 kapena f/4. Mukatuluka panja nthawi ya 12 kapena 1 koloko muli pa Auto kapena pa P, kamera imakachepetsa kufika f/10, f/11, nthawi zina kupitirira. Ojambula a nthawi ya filimu ankaloweza pamtima kuti padzuwa lowala bwino, ISO (nambala ya mmene kamera ikumvera kuwala) ikakhala 100 ndipo shata (kachitseko kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kulowe) ikakhala 1/100 ya sekondi, aperture ndi f/16. Masamu amenewo sanasinthe mpaka lero.

Pali zinthu zitatu zimene zimakankhira ojambula maukwati ku manambala apamwambawa iwo osadziwa. China ndi kuiwala ISO. M'tchalitchi munaikweza mpaka 1600, nyimbo yotulukira yayamba, aliyense akuthamangira kukhomo, inu n'kutuluka nayo ili pompo. Kamera ilibe pothawira koma kutseka kabowo. China ndi fulashi imene timayatsa masana pofuna kuchotsa mdima wa m'maso ndi pansi pa chipewa. Makamera ambiri fulashi ikayaka salola shata kupitirira 1/200 kapena 1/250, ndipo padzuwa zimenezo zikutanthauza f/11 ngakhale ISO ili 100. Choipitsitsa ndi vidiyo. Shata ya vidiyo timaiika pa 1/50, ndipo padzuwa la Seputembala 1/50 imafuna f/22. Pa f/22 kafumbi kalikonse kamaonekera poyera, ndipo kukachotsa pa vidiyo ndi ntchito yowawa kuposa pa chithunzi.

Nanga kabowo kakang'ono kakugwirizana bwanji ndi fumbi? Fumbilo silikhala pa sensa penipeni. Kutsogolo kwa sensa kuli kagalasi kopyapyala koiteteza, ndipo fumbi limatera pa kagalasiko, motalikirana pang'ono ndi pamene chithunzi chimapangika. Chimene mukuona pa chithunzi si fumbi lenilenilo ayi, ndi mthunzi wake. Taganizani za mthunzi wanu womwe. Tsiku la mitambo, kuwala kukuchokera mbali zonse za kumwamba, mukayang'ana pansi mthunzi simuupeza. Mitambo ikangoyera, kuwala n'kumachokera pamalo amodzi, mthunzi uja ndi uwo, wakuda bii, mpaka zala kuwerengeka. Pa f/4 kuwala kumafika pa sensa kuchokera mbali zambiri, kumalambalala kafumbi kaja, mthunzi wake n'kusungunuka. Pa f/16 kumabwera kuchokera pa kabowo kamodzi kakang'ono, ndipo kafumbi kamene ndi maso simungakaone kamasiya dontho looneka bwinobwino. Mukuliona kwambiri pathambo ndi pa diresi chifukwa ndi malo owala, osalala, opanda chobisa. Pa udzu, pa masamba kapena pa chitenje chamaluwamaluwa madonthowo aliponso, kungoti asokonekera m'mitundu.

Musakhudze chilichonse musanayese kaye, chifukwa ambiri amene amaononga makamera awo amakhala akutsuka malo amene analibe mlandu. Kuyesaku sikutenga mphindi 10. Ikani kamera pa Av kapena A (pamene mumasankha nokha aperture), aperture f/22, ISO 100, fulashi yozimitsa. Pa lenzi sunthani kabatani kuchoka pa AF kupita pa MF, ndipo muzungulize fokasi kuti zonse zikhale mbuu, zosaoneka bwino. Lozetsani ku khoma loyera la m'nyumba kapena pa pepala loyera, lidzaze chithunzi chonse. M'nyumba shata idzatenga sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo n'zimene tikufuna: pamene yatseguka muziyendetsa kamera uku ndi uku. Zipsera za pakhoma zidzafufutika chifukwa cha kuyendako, koma chimene chili pa sensa chimayenda limodzi ndi kamera, ndiye chidzatsala chili gwa pamalo pake. Sinthani lenzi, mujambulenso chimodzimodzi. Kenako jambulani china pa f/4 kapena f/5.6. Zithunzizo mukazione pa kompyuta, osati pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera, ndipo sikirini ya kompyutayo muyambe mwaipukuta. Anthu ena asowapo tulo chifukwa cha chitosi cha ntchentche pa laputopu.

Madontho akakhala pamalo amodzimodzi ndi malenzi onse awiri, akuda pa f/22 koma osaoneka pa f/4, mlandu watha, ndi fumbi la pa sensa. Akaoneka ndi lenzi imodzi yokha, yang'anani galasi la kumbuyo kwa lenziyo, mbali imene imalowa m'kamera. Ambiri amapukuta kutsogolo tsiku ndi tsiku koma kumbuyo sanayang'anepo, pamene litsiro la kumbuyo ndi limene lili pafupi ndi sensa. Mukamaona tizinyalala poika diso pa viewfinder, kazenera kosuzumirapo pojambula, koma pa chithunzi palibe, tili pa kalirole ka m'kati mwa DSLR kapena pa kagalasi kamene kali pamwamba pake. Tisiyeni. Sitilowa m'chithunzi, ndipo kagalasi kameneko kamakandika ndi kanthu kakang'ono.

Maonekedwe a dontho nawonso amanena zambiri. Lozungulira, lotuwa, la m'mbali mofewa, ndi fumbi wamba. Lopindikapindika ndi kaulusi ka nsalu kapena katsitsi. Lokhala ndi mkombero wakuda koma pakati powala ndi mafuta kapena kadontho ka madzi kamene kanaumirapo, ndipo limenelo mpweya sulichotsa. Poti makamera ambiri timagula ogwirapo kale ntchito, nditchule kuti Nikon D600 imene inatuluka mu 2012 inadziwika kwambiri ndi madontho otere, moti mu 2013 kunabwera D610 m'malo mwake, ndipo mu 2014 kampaniyo inalengeza kuti eni ake a D600 aziwasinthira shata ulere. Wina akamakutsatsani D600 yotchipa, muyese thambo pa f/22 musanatulutse ndalama.

Kampira kobiriwira kaja nkhani yake ndi ina. Lenzi wamba ya 18-55mm ili ndi magalasi oposa 10 m'kati mwake. Galasi lopanda kanthu limabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala pa nkhope yake iliyonse, n'chifukwa chake opanga malenzi amawapaka mankhwala opyapyala amene amachepetsa kubwezako kufika pansi pa 1 peresenti. Mtundu wobiriwira kapena wa pepo umene mumauona mukapendeketsa lenzi pawindo ndi wa mankhwala amenewo. Pa zinthu wamba kotsalako sikuoneka. Koma dzuwa ndi lowala mopitirira muyeso, moti ngakhale kachigawo kakang'ono kotsalako kamakwana kujambulika. Sensa nayo imanyezimira. Kuwala kumagunda pa iyo, kubwerera kutsogolo, kukagunda galasi lina, n'kubweranso kudzatera pamalo olakwika. Galasi limene limabweza kwambiri ndi lafulati, ndipo galasi lafulati pa kamera yanu ndi fyuluta ya UV ija ogulitsa amakupatsirani kuti iteteze lenzi. Zotchipa zambiri zilibe mankhwala okwanira.

Kampira kotere mumakazindikira chifukwa sikakhazikika. Dzuwa likakhala pakona ya kumanja m'mwamba, iko kamakonda kukhala kumanzere m'munsi, ngati mwajambula mzere wochoka padzuwa kudutsa pakati pa chithunzi. Mukasuntha kamera nako kamasuntha. Nthawi zina kamabwera ndi tinzake tondondozana, ta makona 5, 6 kapena 7, malinga ndi kuchuluka kwa timasamba tachitsulo timene timapanga kabowo ka lenziyo. Kakugwera pachifuwa pa anthu chifukwa mukuchita zoyenera: mukuwaimika akwati atafulatira dzuwa kuti asatsinzine, ndiye dzuwa likuyang'ana lenzi yanu. Musasiye kuwaimika choncho. Chotsani fyuluta, vekani hood, kachipewa kotchinga dzuwa kutsogolo kwa lenzi, ndipo ngati hood mulibe, pemphani mmodzi wa operekeza akwati agwire ambulera m'mbali mwanu kuti mthunzi ugwere pa galasi la kutsogolo. Dzanja lanu lamanzere limathanso, bola lisalowe m'chithunzi. Kusuntha phazi limodzi kuti dzuwa libisale kumbuyo kwa mutu wa mkwati kapena kwa mtengo kumathetsa nkhani yonse. Dziwaninso kuti pa DSLR kampiraka mwina simungakaone poika diso pa viewfinder, chifukwa nthawi imeneyo kalirole katsekereza sensa. Jambulani chimodzi, muchione, musanaitane banja lonse.

Mwati lenzi mwapukuta mpaka kutopa, ndipo pamenepa ndiye pandidetsa nkhawa kuposa madonthowo. Fumbi la pagalasi la kutsogolo kawirikawiri silioneka pa chithunzi n'komwe, lili pafupi kwambiri moti lenzi siingalione. Limaoneka pokhapokha mutaloza kudzuwa pa 18mm ndi f/16, ndipo limatuluka ngati timipira towala, osati totuwa. Koma fumbi lathu lili ndi mchenga. Mukalipukuta louma ndi nsonga ya chitenje kapena ndi malaya, mukukwecha mankhwala aja, ndipo lenzi yokwecheka imachulukitsa kuwala kosokonekerako mpaka kalekale. Yambani mwauzira ndi blower, kampira kopopera mpweya, kenako kansalu ka microfibre koyera, mozungulira kuchokera pakati. Chimene chimafunadi kupukuta ndi mafuta: chala chimene chagwira nkhuku ya pa kitchen party kapena mafuta odzola chikakhudza galasi, chithunzi cha padzuwa chimatuwa ngati pali utsi. Pa foni ndi chimodzimodzi, ndipo timagalasi tomata toteteza kamera ya foni timabweretsa kadontho kobiriwira komweko.

Pali madontho ena amene si anu lero koma mudzakumana nawo. Mukajambula ndi fulashi ya pa kamera pamalo pamene pali fumbi m'mwamba, monga pabwalo pamene Gule Wamkulu akupalasa, mumapeza timipira toyera toonekera mkati tili mbwee pa chithunzi. Ndamvapo anthu akulumbira kuti ndi mizimu. Ndi fumbi limene likuuluka pafupi ndi lenzi, fulashi yaliwalitsa, ndipo poti lili pafupi kwambiri latuluka lofufuma. Umboni wake ndi wakuti pa chithunzi chotsatira lili pena. Zimitsani fulashi kapena gwiritsani ntchito yoika pamwamba, yotalikirana ndi lenzi. Nyengo yootcha tchire, timakala ta udzu wopsa touluka m'mwamba timatulukanso ngati timadontho takuda pathambo, ndipo mvula ikayamba inswa zimachita zomwezo. Ngati diresi la mkwatibwi likuthwanima kuda ndi kuyera pa sikirini ya kamera, limenelo ndi chenjezo chabe lakuti pamenepo pawala mopitirira, silili m'chithunzi chenichenicho. Chepetsani kuwala pang'ono. Madontho oyera pachipumi ndi pamphuno ndi thukuta, mankhwala ake ndi kampango kapena paudala musanajambule.

Pansi pa mtengo wa mango kapena wa jakaranda mumapezanso timawanga towala pankhope za anthu. Mukationetsetsa n'tozungulira, ngakhale mipata ya pakati pa masamba si yozungulira. Kalikonse ndi kachithunzi ka dzuwa lenilenilo. Amene analipo pa 21 Juni 2001, tsiku limene kadamsana anadetsa Lusaka kwa mphindi zoposa zitatu cha m'ma 3 koloko masana, akukumbukira kuti mdima usanagwe timawanga ta pansi pa mitengo tinasanduka ngati timiyezi tongokhala kumene. Kamera ilibe chochita nato. Asunthireni anthu pamthunzi wathunthu, monga wa khonde kapena wa khoma.

Tsono mnzanu uja sanangopeka, dzuwa limathadi kuotcha kamera. Lenzi yaitali, ya 200mm kapena 300mm, ikaloza dzuwa kwa kanthawi imasonkhanitsa kutentha kokwana kusungunula pulasitiki, kuboola shata, ngakhale kuononga sensa. Pa DSLR kalirole kamateteza sensa, koma kuwalako kamakutumiza ku diso lanu, ndiye musayerekeze kuyang'ana dzuwa kudzera mu viewfinder. Pa Live View (pojambula mukuyang'ana pa sikirini), pa vidiyo ndi pa makamera a mirrorless (opanda kalirole) sensa imakhala pambalambanda nthawi yonse. Kamera yosiyidwa pathebulo chagada yopanda chotsekera ilinso pangozi, makamaka kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale pamene dzuwa la Lusaka limadutsa paliwombo penipeni. Koma chithunzi cha 1/1000 chimene dzuwa lalowa pakona pa 18mm sichiotcha kanthu. Kwa ojambula maukwati, chimene ndimaopa kwambiri ndi nyali za laser za a DJ usiku. Laser ikangomenya mu lenzi muli pa vidiyo, imatha kusiya kadontho kapena mzere wodutsa chithunzi chonse, ndipo zimenezo sizichoka. Dontho la sensa yoonongeka ndi laling'ono, lakuthwa, lofiira, la buluu, loyera kapena lakuda, ndipo silisintha kaya muli pa f/4 kaya pa f/22. Kamodzi kapena tiwiri totere timapezeka pa makamera ambiri okalamba, timachuluka kamera ikatentha monga ikasiyidwa m'galimoto mu Okutobala, ndipo pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom imatibisa yokha pa mafayilo a RAW, aja a zithunzi zimene kamera sinazikonze. Mzere wathunthu ndi umene ungakufikitseni poyerekeza mtengo wosinthira sensa ndi mtengo wa kamera ina.

Musanatsuke, sungani chithunzi choyesera chija cha f/22. Ndi mapu anu opulumutsira zithunzi za makasitomala zimene mwajambula kale. Mu Lightroom, pansi pa chida chochotsera zipsera, pali kabokosi kolembedwa Visualize Spots, kamene kanabwera ndi Lightroom 5 mu 2013. Mukakachonga chithunzi chimasanduka chakuda ndi choyera, madontho onse n'kuonekera. Poti ali pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse, mumachotsa pa chimodzi n'kukopera ntchitoyo ku zinzake. Zoimirira muzichite pazokha, zogona pazokha, ndipo mudutsemo ndi maso pambuyo pake, chifukwa pamene panali thambo pa chithunzi ichi pangakhale diso la apongozi pa chinacho. Nikon ili ndi Image Dust Off imene imagwira ntchito ndi mafayilo a RAW mu pulogalamu yaulere ya NX Studio. Canon ili ndi Dust Delete Data ya mu Digital Photo Professional, koma imeneyo imathandiza zithunzi zokhazo zimene mwajambula mutaikonza kale m'kamera, za m'mbuyo ayi. Ngati mumakonzera pa foni, Healing ya mu Snapseed imakwana pa madontho ochepa.

Potsuka, yambani ndi njira yosakhudza. Makamera ambiri amatha kugwedeza kagalasi ka pa sensa kuti fumbi ligwe. Anayambitsa zimenezi ndi a Olympus pa E-1 mu 2003, Canon inatsatira ndi 400D mu 2006, Nikon ndi D300 mu 2007. Pa menyu fufuzani Sensor cleaning kapena Clean image sensor, khazikani kamera pathebulo, muiyendetse kawiri kapena katatu. Mukapanda kuipeza musadabwe, makamera ena otchipa monga Canon 1300D ndi 2000D kapena Nikon D3400 ndi D3500 alibe. Ndipo kunena zoona, fumbi la ku Mkaika limene lagonapo milungu ingapo sindikuganiza kuti lingamvere kugwedezako.

Chotsatira ndi blower, kampira kopopera mpweya kokhala ndi kamlomo. Wojambula aliyense ayenera kukhala nako m'chikwama. Batire likhale lodzaza, mulitchaje magetsi akadalipo, chifukwa likathera pakati pa ntchito kalirole ndi shata zimatsekeka n'kumenya chilichonse chimene chili m'njira. Sankhani chipinda chotseka mawindo, chokolopa osati chosesa kumene, fani yozimitsa. Chotsani lenzi, pa menyu sankhani Clean manually pa Canon kapena Lock mirror up for cleaning pa Nikon, ndipo mudzamva kalirole kakukwera kuti kha. Gwirani kamera pakamwa pake patayang'ana pansi kuti fumbi likachoka ligwere kunja. Popani mwamphamvu ka 5 kapena ka 6, kamlomo ka blower kasapitirire mkombero wachitsulo pamene pamamangidwa lenzi. Zimitsani kamera, bwezerani lenzi, yesaninso khoma pa f/22. Mukafuna kuliona fumbilo ndi tochi, kumbukirani kuti lenzi imazondotsa chithunzi: dontho limene lili m'mwamba pa chithunzi lili m'munsi pa sensa mukamaiyang'ana kutsogolo.

Pakamwa musauzirepo, malovu amasiya madontho oipa kuposa fumbi. Kompuresa ya pokonzera matayala imatulutsa mpweya wosakanikirana ndi madzi ndi mafuta, ndipo mphamvu yake ikhoza kukhotetsa shata. Mpweya wa m'chitini wotsukira makompyuta umatha kulavula madzimadzi ozizira. Thonje la m'makutu, tishu, burashi ya zodzoladzola ndi sipiriti wa pepo uja wa m'magolosale, zonsezi zisayandikire.

Zotsala pambuyo pa blower n'zomata, ndipo zimafuna swab, kamtengo kapulasitiki kokhala ndi kansalu kumapeto, kamene kamabwera kotsekeredwa m'kapepala kakekake pamodzi ndi kabotolo ka mankhwala ake. Kayenera kulingana ndi sensa yanu. Ya full frame ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pamene ya APS-C, imene ili m'makamera ambiri a maukwati, ndi pafupifupi 23 ndi 15. Mumadontheza dontho limodzi kapena awiri, osanyowetsa, n'kukokera kamodzi kuchoka mbali ina kufika mbali inayo osaima panjira, kutembenuza swab, kubwerera kamodzi, n'kuitaya. Siibwerezedwa. Mukupukuta galasi loteteza, osati sensa yeniyeniyo, ndiye si zoopsa monga anthu amanenera. Choopsa ndi kamchenga kamodzi kamene blower inasiya, swab n'kukakoka kudutsa galasi lonse.

Poti ndi koyamba, ndipo fumbi lanu ndi la pabwalo la mchenga, ine ndingakonde kuti ulendo uno mupite nayo kwa wokonza makamera, muone mmene akuchitira, ulendo wina mudzachite nokha. Musanamusiyire mufunseni akuonetseni swab zimene agwiritse ntchito. Akatulutsa thonje ndi sipiriti wa pa benchi yokonzera mafoni, tengani kamera yanu muzipita. Akamaliza jambulani khoma pa f/22 muli pompo, muyerekeze ndi mapu anu aja. Musalimbane nazo kuti payere mbee. Pa f/22 nthawi zonse pamatsala kadontho kamodzi kapena tiwiri m'makona, ndipo amene amatithamangitsa ndi swab yachitatu ndi yachinayi ndi amene amatsiriza ndi mizere. Pakayera pa f/11 ntchito yatheka.

Ngati Lachiweru likubwerali muli ndi ukwati musanatsuke, mukhoza kulibisa fumbilo. Chokani pa Auto, ikani Av kapena A, ISO 100, f/5.6. Padzuwa shata idzakwera yokha kufika cha m'ma 1/800, ndipo pa f/4 cha m'ma 1/1600, pamene makamera ambiri amafika 1/4000. Chithunzi cha gulu, f/8 imakwana. Palibenso chimene mukutaya, chifukwa pa f/16 ndi f/22 chithunzi chimayamba kufewa m'malo mothwa. Pa fulashi ndi pa vidiyo mufunika fyuluta yakuda yotchedwa ND. Ya ND8 imakuchotsani pa f/11 kukufikitsani pa f/4 mukamagwiritsa fulashi, ndipo pa vidiyo imakuchotsani pa f/22 kukufikitsani pa f/8. Mugule yabwino, chifukwa yotchipa idzakubwezerani kampira kobiriwira kaja. Ndipo ngati akwati angakumvereni, zithunzi zawo za awiri muzisungire cha m'ma 4 koloko, dzuwa litapendeka.

Fumbi limalowa kwambiri posintha lenzi. Ogasiti ndi Seputembala, ku Showgrounds, ku Mkaika kapena pamsewu wafumbi wa m'komboni, sankhani lenzi imodzi m'mawa mukhale nayo tsiku lonse. Mukakakamizika kusintha, lowani m'galimoto mutseke mawindo, kapena fulatirani mphepo, zimitsani kamera, iyang'ane pansi, lenzi inayo ikhale itakonzeka kale m'dzanja. Chotsekera cha kumbuyo kwa lenzi musachiponye m'thumba la jekete, chimatola ulusi n'kukausiya pagalasi, galasilo n'kukausiya m'kamera. Malenzi a zoom amene amatalika ndi kufupika amapopa mpweya pang'ono nthawi iliyonse mukawazunguliza, choncho ngakhale wosasintha lenzi fumbi limamupeza ndithu. Mvula ikayamba mdani amasintha, amakhala chuku chimene chimamera m'kati mwa lenzi ngati ulusi wa kangaude. Musasunge zida m'wadirobu yachinyezi, ziikeni m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel. Ndipo sabata iliyonse imene muli ndi ntchito, jambulani khoma pa f/22 Lachinayi, kuti mukapeza kanthu mukhale ndi Lachisanu lonse lochotsera.